Kodi mankhwala a khansa ndi poizoni?

Mayi wina wa ku Chilomoni wanditumizira imelo. Amayi ake akulandira mankhwala a khansa ya m'mawere ku Kwinzi. Tsitsi layoyoka, m'kamwa muli zilonda, ndipo achibale akuti mankhwalawo ndi poizoni, angowasiya. Funso lake ndi lakuti: kodi akunena zoona?

Achemwali, pepani ndi matendawa. Mankhwalawa amaphadi maselo, tizigawo ting'onoting'ono topanga thupi lathu, pamenepo achibale sananame. Koma kusiya ayi.

Selo lililonse m'thupi mwathu lili ndi njira yodziphera lokha, imene asayansi Kerr, Wyllie ndi Currie anaitcha apoptosis mu 1972. Ndi imene imalekanitsa zala za mwana m'mimba, zomwe zimayamba zili zogwirana ngati phazi la bakha. DNA, imene imasunga malangizo oyendetsera selo, ikawonongeka, puloteni yotchedwa p53 imaliimitsa kuti lisagawikane, liyambe lakonza. Kukonzako kukalephereka, mitochondria, tizigawo topanga mphamvu m'selo, amatulutsa puloteni yotchedwa cytochrome c, imene imadzutsa mapuloteni ena otchedwa ma caspase, ndipo iwowa amaduladula selo kuchokera m'kati. Zotsalazo maselo ena amameza. Khansa imakula chifukwa maselo ake amazemba lamuloli, moti pafupifupi theka la khansa zonse p53 imakhala yolumala.

Ndiye madokotala amaliwononga dala selo la khansalo ndi mankhwala mpaka lilephere kupirira. Doxorubicin, mankhwala ofiira aja, amalowerera mu DNA n'kuchititsa kuti iduke. Cyclophosphamide amamata nkhosi za DNA kuti zisamasuke. Ndi yemweyu amene amathandiza ana odwala Burkitt lymphoma, khansa yotupitsa nsagwada imene Denis Burkitt anaifotokoza ku Uganda mu 1958. Mankhwala ena a khansa otchedwa vincristine amachokera ku periwinkle, kaduwa ka ku Madagascar komwe timabzala pakhomo. Chonde wina asawiritse masamba ake n'kumwetsa wodwala, ndi oopsa.

Vuto n'lakuti mankhwalawa amagunda selo lililonse logawikana msanga, ndipo mizu ya tsitsi, khungu la m'kamwa ndi mafuta a m'mafupa opanga magazi zili m'gulu lomwelo. N'chifukwa chake amapereka mopumira: maselo abwino amachira msanga kuposa a khansa. Kudumpha tsiku lakuchipatala kumapatsa chotupa mpata wophukanso, ndipo zimenezi ndi zimene zimandidetsa nkhawa kwambiri.

Tsitsi lidzamera akamaliza. Mkodzo kufiira tsiku limodzi kapena awiri atalandira doxorubicin si magazi. Za zilonda za m'kamwa auzeni anamwino, mankhwala ake alipo. Koma thupi likatentha, musangowapatsa panado n'kudikira kuti kuche. Nthawi imeneyi asilikali a m'thupi amakhala atachepa, choncho thamangirani nawo kuchipatala usiku womwewo.