Wa imvi akagwadira mnyamata ku kachisi wa Abuda

Mdzukulu wanga uli pa sukulu ku Chiang Mai m'dziko la Thailand, kalata yako ndaiwerenga. Ukuti unaona mmonke wa imvi mbuu akugwadira mnyamata wosakwana zaka 30 mpaka chipumi kugunda pansi, ndipo mtima unakuwawa. Ukufunsa ngati kumeneku si kunyoza akulu.

Kuwawa mtimako ndakondwera nako, ndi umboni woti unaleredwa. Koma mlendo safulumira kuweruza mlandu wa m'mudzi wa eni.

Amonke a Chibuda cha Theravada, chofala ku Thailand, Sri Lanka, Myanmar, Laos ndi Cambodia, ukulu sauwerengera pa zaka zobadwa. Amawerenga madzinja. Chaka chilichonse mvula ikamagwa, kuyambira cha mu Julayi mpaka Okutobala, amabindikira malo amodzi miyezi itatu, ndipo nyengoyi amaitcha vassa. Amonke awiri osadziwana akakumana amafunsana kuti wina watha ma vassa angati, ndipo wochepekedwayo ndiye amagwada. Akafanana, amayang'ana amene anayamba kulandiridwa mu umonke, ngakhale atasiyana ndi ola limodzi lokha. Munthu amalandiridwa kukhala mmonke weniweni akakwanitsa zaka 20, choncho mnyamata unamuonayo atha kukhala ndi ma vassa 9, pamene bambo a imviwo analowa chaka chatha atapuma pa ntchito. Iwowo ndiwo khanda, ndipo zaka zisanu zoyamba ayenera kukhala m'manja mwa mphunzitsi. Wotha ma vassa 10 amatchedwa Thera, wotha 20 Mahathera. Wamng'ono amaitana wamkulu kuti bhante, pamene wamkulu amangotchula dzina kapena kunena kuti avuso, ngati kuti mnzanga.

Zisakudabwitse kwambiri. Kwathu kuno suja atsibweni amakhala atsibweni ndithu ngakhale utawaona akukwawa? Mnyamata akalongedwa ufumu, suja nkhalamba zimamuombera m'manja?

Nkhani imene imandikhudza ndi ya Upali. Abuda amasimba kuti ana a banja lachifumu la a Sakya, ena mwa iwo Ananda ndi Anuruddha, atapita kwa Buddha, woyambitsa Chibuda, kukapempha umonke, anatsagana ndi wantchito wawo wometa tsitsi, Upali. Atafika, iwo eni anapempha kuti wometayo ayambe ndiye kulandiridwa. Ankadziwa matenda awo: kunyada kwa magazi achifumu. Ankafuna kuti moyo wawo wonse azigwadira munthu amene kale ankawagwira mitu ndi lumo m'manja. Ganizira bwino zimenezi, mdzukulu wanga, m'dziko la India wakale, limene munthu ankabadwa kale ali wapamwamba kapena wapansi. Upali uja anadzakhala katswiri wa malamulo a amonke, ndipo lero a Theravada amasunga malamulo 227. Ine ndikuona nzeru pamenepa. Madzinja sagulidwa ndi chuma, sabwera ndi mtundu kapena masatifiketi, ndipo aliyense atha kuwawerenga. Mkangano woti akhale pampando wabwino ndani, ayambe kulandira chakudya ndani, umatha usanayambe.

Koma usaganize kuti wamkuluyo sadzudzulidwa. Pakutha pa vassa pali mwambo wa pavarana. Mmonke aliyense, kuyambira wamkulu kwambiri, amapempha anzake kuti ngati anaona, kumva kapena kukayikira cholakwa mwa iye, amuuze. Wamkulu ndiye amayamba kudzipereka. Ndikanakonda akuluakulu anzanga a m'mipingo ndi m'mabanja mwathu tikanaphunzirako ichi, chifukwa ambirife timakonda kulandira ulemu koma khutu tinatseka kalekale.

Tsono iwe ukapitanso ku kachisiko, vula nsapato pakhomo, vala zofunda mapewa ndi maondo, ndipo ukhale pansi kuti mutu wako usapose wa mmonke. Mapazi upinde kumbuyo, asaloze mmonke kapena fano la Buddha. Popeza ndiwe mtsikana, usamukhudze ndipo usamupatsire chinthu m'manja. Uike pa kansalu kamene adzayale patsogolo pake. Wachikulire uziti Luang Por, kutanthauza bambo olemekezeka, mphunzitsi uziti Ajahn. Ukamupatsa moni wogundanitsa manja iye osabweza, usakhumudwe, amonke sabwezera moni wotero kwa anthu wamba, ngakhale kwa mayi awo owabala. Kugwadira fano palibe akukakamiza ngati chikhulupiriro chako sichilola. Khala phee kumbuyo mpaka eni ake atamaliza.