Funsani a Malume: Mwana wanga akufuna kuyendetsa mushikashika

A Malume, ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe. Mwana wanga wachisamba ali ndi zaka 23 ndipo anatenga layisensi ya galimoto zing'onozing'ono chaka chatha. Tsopano bambo wina woyandikana nafe akufuna kumupatsa Honda Fit kuti azinyamula anthu kupita m'tauni ngati takisi yopanda chilolezo imene kuno timati mushikashika, madzulo azipereka ndalama imene angagwirizane. Pakhomo palibe wina ali pantchito. Koma mwanayu amathamanga, ndinakwerapo naye ndipo mtima unali m'mwamba njira yonse. Ndikamuuza amati 60 ndi ya madala, apolisi amangoima ndi makina awo pofuna ndalama basi. Kodi ndimulole? Nanga za apolisizo akunena zoona?
Mayi wodandaula, Mufakose

Amayi, zikomo polemba. Ndiyambe ndi za apolisi. Sindingakunamizeni kuti onse oima pamsewu ndi oyera m'manja, madandaulo a ziphuphu tonse timawamva. Koma chikwangwani cha 60 sanachizike wapolisi amene mwana wanu akumuda. Lamulo la kuno ndi makilomita 60 pa ola m'tauni, ndi 120 pamisewu ikuluikulu ya kunja kwa tauni kwa galimoto zing'onozing'ono, pokhapokha chikwangwani chitanena zina. Akamugwira azifunsa lisiti ya chindapusa, ndipo ngati akuona kuti sanalakwe ali ndi ufulu wokana mlandu n'kukaonekera kukhoti. Kupinda ndalama m'layisensi ndi kumene kumanenepetsa khalidwe lomwe iye akudandaulalo.

Kumuuza kuti kuthamanga sikufika sikumusintha, mwambiwo anaumva kale. Mukhazikeni pansi mumupatse masamu awa. Galimoto yoyenda pa 60 imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi iliyonse. Mwana wa sukulu akatulukira kutsogolo kwa kombi (minibasi) yoima mu High Glen Road, diso liyenera kuona, mutu uvomereze, phazi lichoke pa mafuta lifike pa buleki. Sekondi imodzi yatha, mamita 17 apita galimoto isanayambe n'komwe kuchepetsa. Pa phula louma, matayala ali abwino, pafunikanso mamita ngati 20 kuti iime. Tsono tengani galimoto ina pambali pake yoyenda pa 80, dalaivala wake waona mwana yemweyo pa nthawi yomweyo. Pamalo pamene ya 60 yaima chilili, ya 80 ija ikudutsa ikadali pa liwiro la pafupifupi 60. Mwana wa eni uja wagundidwa ngati ndi galimoto ya 60 yosaponda buleki n'komwe.

A bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati munthu woyenda pansi akagundidwa ndi galimoto ya pa 65, mpata woti afe ndi wochuluka kanayi ndi theka kuyerekeza ndi wogundidwa pa 50. N'chifukwa chake amalimbikitsa 30 m'malo modzaza anthu. Ganizirani pokwerera makombi pa Copacabana kapena pamsika wa Mbare Musika madzulo, amayi atasenza madengu, ana akuwoloka pakati pa makombi. Pamenepo ngakhale 60 yololedwayo ndi yambiri. Nanga phindu la kuthamangako? Pa mtunda wa makilomita 10, wa 60 amatenga mphindi 10, wa 80 mphindi 7 ndi theka. Mphindi ziwiri ndi thekazo zimathera pa loboti yoyamba.

Tsopano funso lanu lenileni. Yankho langa ndi lakuti ayi, musamulole, ndipo ndikunena izi ndikudziwa kuti ufa pakhomo ndi wovuta. Ine ndinayendetsa mabasi kwa zaka zambiri njira ya ku Nyamapanda, kudutsa Tete mpaka Mwanza, ndipo chimene ndinaona n'chakuti dalaivala kawirikawiri sathamanga chifukwa chokonda. Chimamupondetsa mafuta ndi ndalama ya bwana ya madzulo. Ikakwana 3 koloko ndalamayo isanakwane, mafuta a galimoto asanabwezedwe, munthu amayamba kudutsa loboti yofiira, kuyenda mbali ya eni, kuika awiri pampando wakutsogolo ndi wina kubuti. Mwana wanu amathamanga kale popanda womukakamiza. Nanga akamukakamiza?

Komanso mushikashika ulibe chilolezo chonyamula anthu olipira, choncho tsiku lonse ndi lothawana ndi apolisi ndi a khonsolo, ndipo ngozi zina zoopsa m'tauni muno zimachitika pothawa pomwepo. Inshuwalansi ya galimoto wamba sinapangidwire bizinesi yotere. Tsiku la tsoka, woima pamaso pa woweruza pa mlandu wopha munthu chifukwa chosasamala ndi amene anagwira chiwongolero. Mwini Honda Fit adzakhala kunyumba kwake akufunsa za galimoto yake.

Za layisensi yakeyo, ndimuyamikire, ku VID, kumene boma limayesa madalaivala, sikophweka. Koma kubwerera m'mbuyo pakati pa madiramu ndi kunyamuka pachitunda galimoto osabwerera ndi chiyambi chabe. Sanamuyese usiku, magetsi a lole akumuthobwa m'maso. Sanamuyese pa mvula yoyamba ya mu November, pamene mafuta ndi fumbi zomwe zinamatirira paphula chilimwe chonse zimasanduka thelele. Zimenezi zimabwera ndi zaka, ndipo boma likudziwa: wonyamula anthu mwalamulo pa kombi kapena basi amafunika kukhala atayendetsa zaka zisanu, akhale ndi kalata ya dokotala, komanso satifiketi ya defensive driving (maphunziro a kuyendetsa mopewa ngozi) yochokera ku Traffic Safety Council of Zimbabwe. Mu 2023 anawonjezanso lamulo loti mabasi aikidwe kachipangizo koletsa kupitirira 100. Ngati akumanga phazi la madalaivala a imvi, kuli bwanji mnyamata wa chaka chimodzi pamsewu?

Chimene ndingachite ndikanakhala inu ndi ichi. Sonkhanani ndi abale, ngakhale a kumpingo kapena a bungwe la maliro ngati muli nalo, mumulipirire maphunziro a defensive driving aja. Ndi a masiku ochepa, ndipo makampani ambiri amafunsa pepala limeneli asanalembe dalaivala. Ayambe ndi ntchito yoperekera katundu, buledi kapena zipangizo za m'mashopu, kwa bwana wolipira pamwezi osati wowerengera maulendo. Akakhazikika atenge kalasi ya malole.

Polankhula naye musakhale nokha. Itanani amalume ake, kapena dalaivala wamkulu amene iye amamulemekeza, ndipo bambo wa Honda Fit uja akhalepo. Pamaso pa onse mumufunse bamboyo kuti galimoto ikagwidwa, kapena wokwera akavulala, adzalipira ndani, ndipo ngati ali wokonzeka kulemba yankho lakelo papepala.