Mpira wa makoleji ang'onoang'ono ku America: bwanji osasewera February mpaka May?

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji matimu a mpira wa chi America (American football) a makoleji ang'onoang'ono a ku America osasiya miyezi ya September mpaka December n'kumasewera February mpaka May, pomwe NFL, ligi yaikulu ya akatswiri, ndi makoleji akuluakulu ali pa tchuthi. Pa TV mpata ulipodi nthawi imeneyo. Koma zimenezi zinayesedwapo, ndipo povuta panaonekera poyera.

Mu 2020, chifukwa cha Covid-19, FCS, gawo lachiwiri la Division I (gulu lapamwamba la masewero a makoleji), inakankhira magemu ambiri a sizoni yake ku chaka chotsatira. Masewero anayamba mu February 2021, matimu olowa mu ndime ya chipulula anachepetsedwa kuchoka pa 24 kufika pa 16, ndipo pa 16 May ku Frisco, Texas, Sam Houston State inagonjetsa South Dakota State 23-21 mu fainolo. Pofika September anyamata omwewo anali atabwerera kale m'bwalo. South Dakota State inasewera magemu 10 sizoni yoyambayo ndi 15 yachiwiri, 25 m'chaka chimodzi, pa masewero ogundana mitu ndi mapewa. Quarterback wawo (woponya mpira wamkulu wa timu), Mark Gronowski, anavulala bondo kumayambiriro kwa fainolo ija ndipo sizoni yonse yotsatira anaionera panja. Mtsempha wa bondo ukaduka umafuna miyezi 9 kapena kuposerapo. Wovulala mu December amatha kubwerera mu September. Iyeyu anali ndi miyezi itatu yokha.

Munganene kuti vuto limenelo ndi la chaka chosinthira chokha. Zoona, koma chakacho simungachilumphe. Mwina musewere masizoni awiri motsatizana ngati 2021, apo ayi mukhale miyezi 14, kuchoka December kufika February wa chaka chinacho, osagulitsa tikiti ndi imodzi yomwe, uku makochi akulandira malipiro.

Nkhani yaikulu ndi ndalama. Matimu ambiri a FCS mu September amapita kukasewera pakwawo pa timu yaikulu ya FBS, gawo loyamba la Division I, ndipo amalipidwa madola mazana angapo a zikwi pa gemu imodzi, kaya apambane kaya akwapulidwe. Timu yaikuluyo imapindulanso, chifukwa chipambano chimodzi pa timu ya FCS chimawerengedwa pa 6 zofunika kuti ikasewere bowl, gemu yapadera ya kumapeto kwa sizoni. Kwa koleji yaing'ono, cheke chimenecho chimathandiza kulipirira ma scholarship, omwe mu FCS kwa zaka zambiri anali 63 pa timu, komanso maulendo a masewero ena osabweretsa ndalama. Mukasamukira ku February, FBS itsala mu September ndipo chekecho chapita. Kuti kontrakiti ya TV ikwirire dzenje limenelo pa matimu opitirira 100, ine sindikuonapo njira, makamaka poti March ndi mwezi wa basketball ya makoleji, ndipo UFL, ligi ina ya akatswiri, ikusewera kale miyezi yomweyo. Mudzatayanso masiku ngati lija la 2007 pomwe Appalachian State, yomwe inali mu FCS, inakagonjetsa Michigan ya FBS 34-32 ku Ann Arbor.

Kenako pali akatswiri. Combine ya NFL, komwe matimu amayesa anyamata ochokera ku makoleji, imachitika kumapeto kwa February kapena kumayambiriro kwa March ku Indianapolis, draft, yomwe ndi nthawi yowasankha, kumapeto kwa April. Mnyamata amene akuyembekezera kusankhidwa sangaike bondo lake pachiswe mu March. Trey Lance wa North Dakota State anasewera gemu imodzi mu October 2020, sizoni ya February anaikana, ndipo San Francisco 49ers inamutenga pa nambala 3. Enanso akawala mu April, FBS idzawakoka mu June, ndiye kuti sizoni yanu yasanduka malo oyesera osewera a eni ndalama.

Nyengo nayo musaiiwale. North Dakota State ili ndi Fargodome, bwalo lofolera, koma ku Brookings, Missoula ndi Bozeman, kwawo kwa South Dakota State, Montana ndi Montana State, mabwalo ndi apamtetete, ndipo February kumeneko ndi chipale chokhachokha. Kukonzekera kumafunika kuyamba mu January. Montana ndi Montana State sizinalowe nawo sizoni ya February 2021 ija ya ligi yawo ya Big Sky.

Ku Division II, komwe ma scholarship ndi 36, ndi Division III komwe kulibiretu, macheke a FBS ndi draft sizivuta kwenikweni. Chovuta ndi anthu ndi malo. Koleji yotere imakhala ndi bwalo limodzi lomwe lacrosse ndi othamanga amagwiritsa ntchito miyezi imeneyo, ndipo osamalira ovulala ndi ochepa omwewo amene ali kale ndi basketball, baseball ndi softball. Onjezanipo anyamata pafupifupi 100. Komanso mayeso amalembedwa kumayambiriro kwa May, ndiye chipulula chigwera pomwe ophunzira akupakira katundu, nyumba zogona zikutsekedwa.

Ngati cholinga n'kuoneka pa TV, njira yotsika mtengo ilipo kale: kusewera pakati pa sabata, monga imachitira ligi ya Mid-American Conference Lachiwiri ndi Lachitatu usiku mu November, tsiku lomwe NFL ndi matimu akuluakulu sakhala m'bwalo.