Mzikiti wa ku Djenné: Luso la Afalansa Kapena la Eni Dziko?

Wowerenga wina, yemwe akuphunzira za zomangamanga, watilembera pa imelo kuti: "Ndamva kuti mzikiti waukulu wa dothi wa ku Djenné, ku Mali, ndi luso la Afalansa. Kodi n'zoona?"

Funso lanuli akatswiri akhala akukangana nalo kwa zaka zambiri. Afalansa analanda Djenné mu 1893, ndipo mzikiti womwe ulipo lerowu unatha kumangidwa mu 1907, pa bwinja la wakale umene Seku Amadu, mtsogoleri wachisilamu amene ankalamulira deralo m'zaka za m'ma 1800, anausiya kuti ugumuke. Boma la atsamunda linavomereza ntchitoyo, anthu n'kugwira mokakamizidwa, ngati thangata. Koma woyang'anira anali Ismaila Traoré, mkulu wa amisiri a m'tauniyo.

Katswiri wa mbiri ya zomangamanga Labelle Prussin anaona dzanja la Afalansa pa nsanja zitatu za kukhoma la kum'mawa, poti zinayalidwa mofanana mbali zonse. Katswiri wina, Jean-Louis Bourgeois, polemba mu 1987, anatsutsa: kapangidweko n'ka eni dziko. Ife tikutsamira kwa Bourgeois, ndipo chifukwa chake chili m'khoma momwemo.

Yambani ndi njerwa. Amisiriwo anagwiritsa ntchito djenné-ferey, zidina zobulungira zoumba ndi manja popanda chikombole. Zamakona anayi zinafala pambuyo pake, ndipo dzina lake, toubabou-ferey, limatanthauza njerwa za azungu. Kenaka lowani m'kati: nsanamira 90 zonenepa zathithikana mpaka munthu saona kutali. Injiniya wophunzira ku Paris sakanamanga choncho. Nyumba yonse yakhala pa chiunda chotalika mamita 3 pothawa madzi a mtsinje wa Bani.

Timitengo ta migwalangwa totuluka m'makoma, totchedwa toron, si tokongoletsa chabe. Ndi popondapo pa tsiku lomata mzikiti chaka chilichonse, pomwe tauni yonse imasenza dothi la kumtsinje losakaniza ndi mankhusu a mpunga, lovunditsa masiku angapo kuti ligwire.

Vuto limabadwira pomwepo. Dothi lomata chaka ndi chaka limaunjikana, denga n'kulemera, ndipo likanyowa limakoka khoma. Mu Novembala 2009, bungwe losamalira nyumba zakale la Aga Khan Trust for Culture lili mkati mokonza mzikitiwo, nsonga ya nsanja ya kumwera inagwa itavumbidwa ndi mvula ya mamilimita 75 tsiku limodzi.

Polemba pepala lanu, siyanitsani mafunso atatu: analamula ndani, anasenza dothi ndani, anaganiza kapangidwe ndani. Malipoti a atsamunda amayankha bwino loyamba lokha. Enawo muwafufuze pa mapositikhadi a nthawiyo ndi m'mbiri ya barey ton, bungwe la amisiriwo lomwe lilipobe.