Yambani ndi chikwama chopanda zipi, ndipo mulimbitse zogwirira

Mayi a ku Ulónguè, mwatiuza kuti mwagula makina osokera atsopano a magetsi mumzinda wa Tete, ndipo mukufunsa kuti muyambe ndi chiyani popeza cholinga chanu ndi kusoka zikwama zogulitsa. Mwadandaulanso kuti ulusi ukumangana kunsi kwa nsalu nthawi iliyonse mukayesa kusoka. Ndiyamba ndi ulusiwo, chifukwa vuto limeneli likapanda kutha simudzakhulupirira makina anu, pamene mwina alibe vuto lililonse.

Ulusi ukamapanga chisa kunsi, anthu ambiri amathamangira kumasula bobini, kagudumu kokulungapo ulusi wa pansi, koma kawirikawiri cholakwika chimakhala pa ulusi wa pamwamba. Kwezani kaphazi kopanikiza nsalu musanayambe kulowetsa ulusi, chifukwa kaphaziko kakakhala pansi timbale togwira ulusi timakhala totseka, ndiye ulusi umangodutsa pambali osagwidwa. Solorani ulusi wonse, mulowetsenso kuyambira pachiyambi motsatira manambala amene alembedwa pamakinapo, ndipo poyamba msoko gwirani nsonga ziwiri za ulusi kumbuyo mpaka singano ibaye katatu kapena kanayi. Gudumu la pambali muzilitembenuza kubwera kwa inu, osati kulibweza. Mukachita zimenezi koma chisa chikadalipo, pamenepo ndiye muone ngati bobini yalowa moyenera.

Tsopano za choyambira. Ndikukupemphani kuti musayambe ndi chikwama cha ana asukulu. Ndikudziwa kuti ndicho chimene makolo amafunsa kwambiri chaka cha sukulu chikamayandikira, koma chili ndi zipi zokhota, matumba angapo ndi nsalu yokhuthala imene makina a pakhomo amavutika nayo. Yambani ndi chikwama cha kumsika, cha makona anayi, chopanda zipi. Misoko yake yonse ndi yowongoka, ndipo mukasoka zitatu manja anu adzakhala atazolowera kutsogolera nsalu popanda kuikoka.

Chitenje, chimene ambiri kuno timachitcha kapulana, ndi nsalu yabwino kuphunzirirapo chifukwa sichiterera. Koma muchichape kaye, chiume, muchisite, kenako mudule. Chitenje chatsopano chimakhala chouma ndi sitachi, chikachapidwa chimafewa ndi kufupika pang'ono, ndipo china chimatulutsa utoto. Ndi bwino zimenezi zichitikire m'beseni lanu kusiyana ndi pa bulauzi ya kasitomala mvula itamupeza panjira. Dulani zidutswa ziwiri za masentimita 40 m'lifupi ndi 45 m'litali, ndi zina ziwiri zofanana nazo za nsalu ya mkati, imene ingakhale shiti yakale yolimba bwino. Siyani sentimita 1 m'mphepete mwa msoko uliwonse, ndipo utali wa sitichi muuike pa mamilimita 2.5 kapena 3. Kuti chikwama chikhale ndi pansi pokhazikika, dulani kabokosi ka masentimita 5 mbali zonse pa ngodya ziwiri za m'munsi, mutsegule ngodyazo, mulumikize msoko wa m'mbali ndi wa pansi, musoke modutsa. Pansi pake padzatambalala pafupifupi masentimita 10. Chitenje chimodzi cha mamita 2 chimakwana zikwama zitatu ndi zogwirira zake ngati nsalu ya mkati mwaipeza padera.

Pamene ndikufuna mukhalitsepo ndi pa zogwirira, pakuti chikwama chimafera pamenepo. Chikwama choyamba chimene ndinagulitsa chinali chooneka bwino, maluwa a chitenje atakumana bwinobwino pamsoko, koma zogwirira ndinangozisoka ndi mzere umodzi. Mayi amene anachigula anaikamo mbatatesi ndi kabichi pamsika, ndipo asanafike kunyumba chogwirira chimodzi chinathothoka, katundu n'kumwazika mumsewu. Anandibwezera mwaulemu, koma manyazi amene ndinamva sindinawaiwale. Kwathu kuno ku Angónia ndi ku Tsangano chikwama sichinyamula mpango ndi foni zokha. Chimanyamula mbatatesi, nyemba, botolo la mafuta, nthawi zina chili pa hendulo ya njinga mumsewu wa mabampu. Choncho dulani chogwirira chilichonse masentimita 60 m'litali ndi 10 m'lifupi, muchipinde pakati ndi kuchisita, mupindirenso mphepete zonse ziwiri kulowa pamzere wa pakatiwo, kenako muchitseke kuti chikhale cha magawo anayi. Sokani mbali zonse ziwiri. Pochilumikiza ku chikwama, chilowe masentimita osachepera 3, ndipo musoke kabokosi kokhala ndi mtanda mkati mwake, mubwerezenso mzere wa pamwamba. Ntchito imeneyi imadya mphindi zochepa chabe, koma ndi imene imachititsa kuti wogula abwerenso ndi mnzake.

Pamalo okhuthala oterewa ndi pamene singano zimathyoka. Pa chitenje gwiritsani singano ya saizi 90/14, ndipo pa jinzi kapena kanvasi ikani ya 100/16. Mukafika pamene nsalu zasanjikizana kambiri, chotsani phazi pa chopondera, muyendetse gudumu ndi dzanja pang'onopang'ono mpaka mudutse. Musakoke nsalu kumbuyo pofuna kuthandiza makina, chifukwa singano imapindika n'kumenya chitsulo cha pansi. Singano ikayamba kugogoda polowa m'nsalu kapena kudumpha masitichi, yabuntha, isintheni. Pa ulusi musaumire ndalama: gulani wa poliyesita wosalala, ndipo muuyese poukoka ndi manja musanalipire, chifukwa wina umakhalitsa padzuwa pamsika ndipo umaduka wokha.

Simbi ikhale pafupi ndi makina. Msoko uliwonse muusite musanasoke wotsatira, ndipo mudzaona kuti chikwama chanu chikusiyana ndi cha munthu amene amangothamanga.

Zidutswa zotsala musataye. Zimatuluka timatumba tomanga ndi chingwe, zogwirira mapoto otentha ndi zomangira tsitsi, ndipo pa tinthu timeneti ndi pamene mungaphunzirire zipi. Tengani zipi ya pulasitiki ya masentimita 20, osati yachitsulo, muike kaphazi ka zipi kamene kamabwera ndi makina ambiri, musoke kachikwama ka ndalama kapena ka mapensulo. Mukalakwitsa mwataya kansalu kochepa. Mukasoka tisanu tooneka bwino, pamenepo mukhoza kuika thumba la zipi mkati mwa chikwama cha kumsika chija, ndipo cha sukulu chidzabwera pambuyo pake.

Makinawo muziwaphimba mukamaliza, makamaka miyezi ya fumbi ya September ndi October, ndipo muzitsegula pa bobini ndi kuchotsa ubweya wa nsalu ndi kaburashi. Za mafuta tsatirani kabuku kamene kanabwera ndi makina, popeza ena atsopano safuna kuthiridwa pafupipafupi ngati Singer kapena Butterfly zopalasa ndi mapazi zimene tinazolowera kwa atelala. Koma mafuta ophikira asayandikire n'komwe, chifukwa amauma n'kumata zitsulo. Nyengo ya mvula ikafika, muzizula pulagi pakhoma kukachita ziphaliwali kapena magetsi akazima.

Pa mtengo, lembani m'kope ma meticais onse amene alowa m'chikwama chimodzi: gawo la chitenje, nsalu ya mkati, ulusi, magetsi olipiriratu a Credelec ndi nthawi yanu, kenako muikepo phindu. Koma chikwama choyamba musachigulitse. Ikanimo mbatatesi zolemera makilogalamu 5, muyende nacho kumsika kwa sabata imodzi, muchichape kawiri, ndipo mudzatitumizire chithunzi cha pamene zogwirira zalumikizana ndi chikwama kuti tione ngati ulusi wagwira.