Kodi makhololo angasokoneze munthu mutu? Yankho kwa achemwali a ku Johannesburg

Achemwali ena amene amakhala ku Johannesburg andilembera kalata pa imelo. Mlongo wawo wamng'ono wasintha: sagona, amayankhula osapumira, sachedwa kupsa mtima, ndipo nthawi zina amati akumva mawu a anthu amene palibe. Kuchipatala anamupatsa mapiritsi. Kenako abale anamutengera kwa sing'anga wa mankhwala a ku China, amene atamuyang'ana lilime ndi kumugwira pamkono ananena kuti makhololo ndi moto zasokoneza mtima. Iwo akufunsa kuti, mwanayu satsokomola n'komwe, makhololowo ali pati? Nanga asiye mapiritsi aja n'kuyamba zitsamba?

Pepani kwambiri, achemwali. Kudwazika munthu wotere n'kotopetsa, makamaka muli kutali ndi kwanu. Ndiyambe ndi funso lachiwirilo chifukwa ndi limene silingadikire: mapiritsi asasiye.

Tsono za makhololo. Sing'angayo sanapeke yekha zimenezi, ndi chiphunzitso chakale kwambiri kwawo. Iwo amati makhololo alipo amitundu iwiri: ooneka, amene timalavula, ndi osaoneka, amene amayenda m'thupi lonse. Amati kapamba akafooka chifukwa cha nkhawa, kuganiza kwambiri, mowa kapena zakudya zamafuta, madzi a m'thupi amaleka kuyenda bwino, amaundana n'kusanduka makhololo. Komanso kwa iwo nzeru ndi maganizo zimakhala mumtima, ndipo mtimawo uli ndi timipata timene munthu amazindikirira zinthu. Timipatati tikatsekeka, munthu amasokonezeka.

Apa anagawa pawiri. Makhololo akakuta mtima popanda moto, munthu amangokhala duu, kudziyankhulira yekha, kuseka kapena kulira popanda chifukwa, osafunanso anthu. Matendawa amawatcha dian. Koma akasakanikirana ndi moto, umene amati umabwera ndi mkwiyo wosungidwa nthawi yaitali, munthu sagona, amakuwa, amatukwana, amatha kuvula zovala n'kuthamanga mumsewu. Awa ndi kuang, ndipo ndi kumene sing'angayo waika mlongo wanu. Mayina awiriwa akupezeka kale mu Huangdi Neijing, buku limene linalembedwa zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Za makhololo zinadzakula pambuyo pake, makamaka ndi sing'anga Zhu Danxi, amene anakhala kuyambira 1281 mpaka 1358. Sing'anga wina, Zhang Congzheng, amene anamwalira mu 1228, ankasanzitsa odwala ndi kuwatsegula m'mimba kuti zoipazo zituluke. Paja sing'anga wa mlongo wanu uja anayang'ana lilime? Ankafuna kuona ngati lili ndi zokuta zokhuthala, zachikasu, zooneka ngati mafuta. Pamkono ankamvetsera ngati mtsempha ukugunda mothamanga ndi moterera.

Maganizowa analowerera mpaka m'nkhani zawo. M'buku la nthano limene Wu Jingzi analemba m'zaka za m'ma 1700, munthu wina dzina lake Fan Jin atakhoza mayeso a boma ali wamkulu kale anapenga ndi chimwemwe, ndipo anthu anati makhololo akwera n'kutseka mtima wake.

Ine ndimawalemekeza asing'anga akalewo pa chinthu chimodzi: ankayang'anitsitsa wodwala. Anasiyanitsa wamisala yachete ndi wamisala yaphokoso kalekale, ndipo anaifunafuna misala m'thupi la munthu, ngati matenda oti n'kuchizika. Kwa banja limene likulozana zala kuti walodza ndani, zimenezi si zazing'ono. Koma ulemu umenewu usatiphimbe m'maso. Palibe makina a kuchipatala amene angakuonetseni makhololo atatseka mtima. Mawuwa ndi dzina la gulu la zizindikiro, ndipo zizindikiro zomwezo zimabwera ndi matenda osiyana kwambiri. Kusagona, kuyankhula kosalekeza ndi kumva mawu kungakhale matenda a maganizo otchedwa bipolar kapena schizophrenia. Kungachokerenso ku chamba, mankhwala ozunguza bongo otchedwa tik, mowa, khunyu, chithokomiro chogwira ntchito mopitirira muyeso, chindoko chimene chafika muubongo, kapena matenda oumitsa khosi mwa munthu amene ali ndi HIV. Ena mwa amenewa amapha m'masiku ochepa, ndipo lilime silingawasiyanitse. Pamafunika kumuyeza kuchipatala, kuphatikizapo kuyeza magazi.

Zitsambazo nazo muzidziwe. Pa vuto ngati ili amakonda kupereka Wen Dan Tang, imene kasakanizidwe kake kofala masiku ano kanachokera kwa sing'anga Chen Yan mu 1174. Muli makoko a manachesi ouma, zopala za nsungwi, jinja, ndi muzu wotchedwa banxia. Banxia waiwisi ndi poizoni, amawotcha m'kamwa ndi kukhosi, ndipo amayenera kuyamba wakonzedwa bwino. Palinso Gun Tan Wan, yamphamvu kwambiri, imene imatsegula m'mimba. Ngati mapiritsi amene mlongo wanu akumwa ndi a lithium, kutsegula m'mimba kumachepetsa madzi m'thupi ndipo mankhwalawo amatha kuchuluka m'magazi mpaka kufika poopsa. Chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi zhusha, mwala wofiira umene amaika m'mankhwala ena okhazika mtima pansi. Uli ndi mercury, yomwe imawononga impso ndi minyewa. Funsani sing'angayo akulembereni dzina la chilichonse chimene chili m'paketimo. Akakana, musamwetse. Ku South Africa asing'anga a mankhwala a ku China amayenera kulembetsa ku bungwe la Allied Health Professions Council of South Africa, choncho muli ndi ufulu wofunsa nambala imene analembetsera.

Ngati banja likufunabe thandizo lake, mwina pa za tulo kapena chilakolako cha chakudya, tengani mapaketiwo mukawaonetse dokotala amene anapereka mapiritsi, asanayambe kumwa. Mapiritsi a matenda a maganizo amatenga milungu kuti agwire bwino, ndipo kuwasiya mwadzidzidzi kumabweretsanso matendawo msanga. Ngati akumuumitsa thupi kapena kumugonetsa kwambiri, dokotala angathe kusintha mlingo kapena mtundu wake. Mukaganiza zomubweza kumudzi, apite ndi kalata ya dokotala ndi mankhwala okwanira, kuti akapitirize ku Zomba Mental Hospital, ku St John of God ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, kapena kuchipatala cha boma chapafupi.

Akatentha thupi, akauma khosi, akakomoka, akaleka kuzindikira anthu, kapena akayamba kunena zodzipha kapena kuvulaza wina, musadikire tsiku limene anakupatsani. Thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, ndipo musamusiye yekha.