Za phiri lija la Paramount

Eee msuweni, ndaliona funso lako pagulupu, loti phiri limaoneka filimu ya Paramount ikamayamba lija linachokera kuti. Koma iwe, unayamba liti kufunsa za mapiri? Nkhani ndi shopu mukufuna kutsegula ndi mnzako uja, eti? Tamvera.

Phirilo amati analijambula ndi W. W. Hodkinson. Anayambira bizinesi ya mafilimu ku Ogden, ku Utah, ku America, mu 1907, mafilimu akadali osalankhula. Mu 1914 anakhazikitsa Paramount. Sankapanga mafilimu ayi, ankagawa. Iye ankawapatsiratu ndalama opanga mafilimuwo, filimu ikatha iye n'kuifikitsa m'maholo a America yense, 35 peresenti yake, 65 ya eni filimu.

Ndiye... ukuikumbuka vidiyo sho ya malume? Aa, iwe unali wamamina nthawi imeneyo. Jenereta kuseri, chiguduli pakhomo, bolodi lolemba ndi choko, ine pakampando kutolera makobiri m'chitini. Matepi ankabweretsa ndi bambo aja a njinga yamoto... ayi ndanama, inali yakapalasa, yamoto anagula pambuyo pake. Jenereta itapsa anagula ina ndi iwowo. Kenako sikirini, iwowo. Mabenchi atsopano, iwowonso. Malume akafunsidwa ankangoti, "Ameneyu ndi m'bale wanga." Palibe chomwe analemberana. Za m'mawa uja malume anapeza loko wina wa bambo aja pachitseko ukuzidziwa. Mpaka lero mayi aakulu amazungulira kuchigayo kuopa kudutsa pamenepo, ndipo ine zimandiwawabe.

Mmm, ndinali pati... eya, Hodkinson. Adolph Zukor wa kampani yopanga mafilimu ya Famous Players, amene ankamubweretsera mafilimu, anaona kuti 35 ija yachuluka. Anagula masheya a Paramount mwakachetechete, mu 1916 Hodkinson anachotsedwa pampando, n'kuikapo Hiram Abrams. Zaka ziwiri zokha, pakampani yoyambitsa yekha! Pambuyo pake Hodkinson anakachita bizinesi ya ndege ku Guatemala, n'kumwalira mu 1971.

Ndiye msuweni, mnzakoyo ndi amene azikaoda katundu, asatengenso gawo lalikulu la shopu. Sindikuti ndi wakuba, ayi, sindimudziwa. Ndikuti katundu akakhala m'manja mwake, gawo lalikulu likhale lako, ndipo mulemberane, pakhale mboni. Wamva? Wobweretsa katundu ndi mwini gawo lalikulu asakhale munthu mmodzi.

Pepalalo ulijambule unditumizire usanasaine. Ndipo usangondiyankha ndi kachithunzi koseka kaja.